Kamera pa Kanthemba: Phunziro Loyamba la Wojambula

CHADIZA — M'nyumba zambiri za m'boma lino muli zithunzi zingapo, zina zopacikidwa pa cipupa, zina zosungidwa pansi pa zobvala m'sutukesi. Cina ndi ca tsiku la cikwati, cina ndi ca mwana atabvala yunifomu ya sukulu, cina ndi ca malemu agogo ataima cilili ngati msilikali, manja ali m'mbali, nkhope ili gwa. Koma munthu angalowe nyumba khumi osapeza cithunzi ca amai ali pa kanthemba kao akupima mcere, kapena ca abambo atawerama pa makina osokera, ngakhale kuti ndi kanthemba komweko ndi makina omwewo amene anagula yunifomuyo ndi kulipira wojambula wa pa cikwatipo.

Cifukwa cake sicobvuta kucipeza. Kwa anthu ambiri a m'midzi, cithunzi coyamba pa moyo wao cinali ca pa registi, citupa ca unzika cimene cinayamba kuperekedwa mu 1965 ndipo munthu amatenga akakwanitsa zaka 16. Cithunzi cimeneco cinali ca Boma. Mwini nkhope ankangouzidwa kuyang'ana kutsogolo, osaseka. Zithunzi zina zinkadikira wojambula wa pa njinga, amene ankatulukira pa Khirisimasi, pa cikwati kapena pa tsiku la mpira, kamera ili lende pa khosi. Filimu imodzi inkatenga zithunzi 24 kapena 36 zokha, ndipo inkayenera kudzaza isanapite ku tauni kukatsukidwa, kotero kuti munthu ankalipira lero n'kudzaona nkhope yake patapita milungu. Cinthu codula cotero panalibe wociononga pa nchito ya masiku onse. Munthu ankasamba, kudzola mafuta, kubwereka jekete, n'kukaima pafupi ndi wailesi kapena njinga, ngakhale ikhale ya mnansi.

Amene ankajambula anthu ali pa nchito anali alendo. Kuyambira masiku a John Kirk, dokotala amene anatsagana ndi David Livingstone pa ulendo wa pa Zambezi woyamba mu 1858, ndipo anajambula zina mwa zithunzi zoyambirira za cigawo cino ca Africa, kamera inakhala m'manja mwa munthu wodutsa. Atsamunda, amishoni, ndipo pambuyo pake a mabungwe a cithandizo, ali yense anajambula cimene anadzera: wina mtundu wa anthu, wina Akhristu atsopano, wina njala. Mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka, ndipo zithunzizo zinapita naye. Zambiri zili m'nyumba zosungiramo zakale ku Ulaya, ndipo pansi pake kawirikawiri palibe dzina la munthu wojambulidwayo.

Masiku ano kamera yalowa m'thumba. Foni yokhala ndi kamera ikupezeka pa msika wa pa Boma, pa sukulu, ngakhale ku dimba, ndipo kukopa, monga acinyamata amanenera, sikulinso kodula. Koma kukhala ndi khasu si kudziwa kulima. Munthu akatsegula foni ya mnyamata wa zaka makumi awiri apezamo nkhope ya mwini foniyo kambirimbiri, apa atakhotetsa khosi, apo atabvala magalasi. Amai ake amene anamgulira foniyo ndi ndalama za vitumbuwa mulibe. Mwambo wakale uja wosamba ndi kubwereka jekete udakalipo, wangosintha zobvala.

N'cifukwa cake maphunziro a kujambula a masiku ocepa, osonkhanitsa anthu amene sanagwirepo kamera mwa luso, kawirikawiri amapereka nchito yoyamba yooneka yonyozeka: wophunzira asankhe munthu mmodzi wa kwao, akhale naye tsiku lathunthu, abwere ndi zithunzi zosimba moyo wake. Njira yopatsa kamera eni mudzi si ya dzulo. Mu 1992, ku Yunnan m'dziko la China, Caroline Wang ndi Mary Ann Burris anapatsa makamera amai a m'midzi kuti ajambule nchito zao ndi mabvuto ao, ndipo zithunzizo zinaonetsedwa kwa akuluakulu olamulira. Kuno kwathu bungwe la Camfed linaphunzitsa amai 23 a ku Samfya, m'mphepete mwa nyanja ya Bangweulu, kujambula kanema, ndipo nkhani yao inatuluka mu 2008 m'kanema wa dzina lakuti Where the Water Meets the Sky.

Citsanzo coyandikira kwambiri moyo wa malonda ndi ca ku Kalingalinga, komboni yakale ya mu Lusaka yoyandikana ndi Yunivesite ya Zambia. Amene anadutsapo pa msewu wa Alick Nkhata akudziwa cimene komboniyo imadya: m'mbali mwa msewu muli owocherera zitsulo opanga mageti ndi mafelemu a mazenera, akalipentala, oumba njerwa za simenti ndi amai ophwanya miyala. Koma malo ake ndi osiririka, ndipo masitolo akuluakulu ndi maofesi akhala akuyandikira komboniyo caka ndi caka. Mu 2019 wojambula Kerstin Hacker, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Anglia Ruskin ku Cambridge, anakonza maphunziro a kujambula m'komboniyo pamodzi ndi aluso a m'Zambia, ena mwa iwo Edith Chiliboy, Zenzele Chulu ndi David Makala. Nchito yao inaonetsedwa ku Cambridge mu 2020 pa cionetsero ca dzina lakuti Stories of Kalingalinga. Colinga cinali cakuti komboni ioneke monga eni dziko amaionera, pakuti zithunzi za Africa zimene maiko akunja anazolowera ndi za umphawi wokhawokha.

Phunziro la ku Kalingalinga likukhudzanso Chadiza, ngakhale kuti kuno kulibe masitolo akuluakulu othinitsa anthu. Cimene cili pa maso lero cimatha mwakacetecete. Akuluakulu akukumbukira madepoti a NAMBOARD, bungwe logula mbeu limene linathetsedwa mu 1989, ndi mizere yaitali ya anthu odikira sopo ndi saladi m'masitolo a Boma m'zaka za m'ma 1980. Mwana wa lero akafunsa kuti zinkaoneka bwanji, agogo amangotambasula manja, cifukwa mabanja amene ali ndi cithunzi ca masikuwo ndi owerengeka.

Tsiku limodzi, munthu mmodzi

Boma la Chadiza lili kummwera kwa Chipata, ndipo limacita malire ndi Katete kumadzulo, Mozambique kummwera, ndi Vubwi, amene anali mbali ya boma lino mpaka 2012. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 100,000, ambiri a iwo Acewa a pansi pa Mafumu Mlolo, Zingalume ndi Mwangala, amene amalambira Kalonga Gawa Undi. Cuma cake ndi ca m'munda: cimanga, nshawa, soya, mpendadzuwa, thonje ndi fodya. Pakati pa munda ndi mphika pali anthu amene mabuku a mbiri sawachula: wa cigayo, wokonza njinga, telala wa pa khonde la sitolo, wogulitsa salaula, mtsikana wa m'kanyumba kotumizira ndalama pa foni, ndi amai a pa kanthemba. Wophunzira kujambula sayenera kupita kutali kukafuna nkhani. Amai otere alipo pa msika uli wonse, kuyambira pa Boma mpaka ku cipata ca Chanida, ndipo za tsiku lao zimafanana.

Nchito imayamba kamera ili m'thumba. Wophunzira amapita dzulo lake, amaodira, amakhala pansi, amafotokoza kuti ndi mwana wa yani ndi cimene akufuna, ndiponso kumene zithunzizo zidzaonetsedwa. Ngati ndi m'mudzi, anyakwawa ayenera kudziwa. Ngati ndi pa msika, a komiti ya msika. Amai ali ndi ufulu wokana, ndipo ambiri amakana poyamba pa zifukwa zomveka. Ena amaopa kuti zithunzizo zikupita kwa a msonkho. Ena anaonapo anzao akusekedwa pa Facebook. Enanso amaganiza kuti mwini kamera watumidwa ndi bungwe la ndalama, ndipo kuti akabvomera adzalandira kanthu. Apa wophunzira ayenera kunena zoona, ngakhale zikhale zokhumudwitsa: palibe mpamba umene ukubwera, cimene angalonjeze ndi cithunzi cotsukidwa basi. Kulonjeza thandizo limene kulibe kuti munthu amwetulire ndi kuba, ndipo kumatsekera khomo wojambula wina wobwera pambuyo.

Tsiku lenilenilo limayamba tambala asanatsike. Amai amadzuka kuli mdima, amasonkha moto, amaika ciwaya ca mafuta, ndipo vitumbuwa zoyamba zimapsa nyenyezi zikali kuoneka. Wophunzira wofika dzuwa litakwera waphonya theka la nkhani, pakuti nchito ya kanthemba imayambira ku khichini ndi ku citsime. Waphonyanso kuwala kwabwino. Dzuwa la m'mawa limabwera ca m'mbali, lofewa, ndipo limaonetsa utsi, thukuta ndi makwinya a m'manja popanda kuocha cithunzi. Mu mdima wa mbandakuca kamera imacedwa kutenga cithunzi, kotero dzanja likagwedezeka pang'ono zonse zimatuluka mbuu. Wojambula amakanikiza zigongono ku nthiti, kapena kutsamira pa cipupa, n'kuleka kupuma kamphindi. Kagetsi kong'anima ka pa kamera ndi bwino kukazimitsa, cifukwa kamapha kuwala kwa moto ndi kudzidzimutsa wojambulidwa.

Kenaka kanthemba kamatsegulidwa, ndipo apa ndi pamene wophunzira amayenera kudekha ndi kuyang'anitsitsa, cifukwa nzeru zonse za malondawa zili pa mashelefu. Amai amakaoda katundu ku Chipata m'mapaketi akuluakulu, koma ogula ao sangathe kugula paketi yathunthu. Tsono shuga amamgawa m'timapulasitiki tating'onoting'ono, saladi amamthira m'timabotolo kapena kumpima ndi kacibvundikiro, sopo wa mtanda amamdula zidutswa, kapenta ndi tomato amaziika m'milu, ufa amaupakira m'timatumba tija anthu amati pamela. Phindu lili m'kugawako, ndipo ndi locepa kwambiri kotero kuti mtengo wa galimoto wopitira ku Chipata ukakwera, kapena botolo limodzi likasweka pa njira, phindu la mlungu wathunthu lapita. Munthu wodutsa amangoona kasitolo kosauka. Wokhala pansi amaona kuti amai awa ndiwo amacititsa kuti banja la ndalama zocepa lidye ndiwo zothira mafuta madzulo amenewo.

Kuti zimenezi zioneke pa cithunzi, wophunzira amaphunzitsidwa kujambula cinthu cimodzi ali pa mitunda yosiyana. Ali patali amaonetsa kanthemba ndi malo ake: msewu, mtengo wa mango, njinga zoimikidwa, denga la udzu kapena la malata. Akasendera amaonetsa amai ndi wogula akupatsana ndalama. Akafika pafupi zedi amajambula manja okha akumanga kapulasitiki ka shuga, ndipo nthawi zambiri cithunzi ca manjaco ndico cimalankhula koposa zinzake. Kusendera kumeneku ndi kwa miyendo. Kukokera cithunzi ndi zala pa foni kumangocititsa kuti cituluke cosaoneka bwino. Ndipo ngati amai akhala pa mpando waufupi kapena pa mphasa, wojambula nayenso agwade. Cithunzi cojambulidwa munthu ataimirira pa mutu pa mnzake cimamcepetsa, ndipo mwana woleredwa bwino saimirira pamene akulu akhala pansi.

Dzuwa likafika pa liwombo, kujambula kumabvuta. Kuwala kumagwa kucokera pamwamba, maso amalowa mu mthunzi, ndipo m'kati mwa kanthemba mumakhala mdima pamene kunja kukuwala ngati moto. Kamera ikasiyidwa kuti iganize yokha imatsata kowalako, n'kusandutsa nkhope ya amai kukhala cinthu cakuda copanda maso. Cocita n'capafupi: wojambula asayang'anitse kamera ku dzuwa, adikire amai afike pa khomo kapena pa zenera pamene kuwala kukugwera pa nkhope, ndipo akhudze nkhopeyo pa galasi la foni kuti kamera idziwe cimene cikufunika. Zithunzi zambiri zimaonongekanso ndi cinthu ca cibwana, ndico mafuta a vitumbuwa ndi fumbi pa diso la kamera. Kansalu kofewa ndi batire lodzaza ndi zida za nchito. Kumene kulibe magetsi, foni iyenera kugona pa sola dzulo lake.

Masana ndi nthawi yoti kamera ipumule ndipo makutu agwire nchito. Ogula amacepa, amai amasenda nshawa kapena kuyamwitsa, ndipo ngati wophunzira wakhala wofatsa, wothandiza kunyamula ndowa, nkhani zimayamba kutuluka zokha. Akale anati kuona maso a nkhono n'kudekha. M'maola oyamba munthu wojambulidwa amauma thupi, amakonza duku kawirikawiri, ndipo ana a pa msika amadzaza kutsogolo kwa kamera akukuwa kuti tijambuleni. Ofunika kuwajambula kamodzi, kuwaonetsa, n'kuwasiya atope. Pofika masana onse aiwala kuti pali mlendo, ndipo zithunzi zoona zimayambira pamenepo.

Buku la nkhongole

Pansi pa shelefu, kapena m'kabokosi ka ndalama, mumakhala kabuku ka sukulu kopindika m'makona. M'menemo ndi mmene muli mbiri yeniyeni ya mudzi. Ndalama m'boma lino zimayenda ndi nyengo. Kuyambira Meyi, anthu akakolola ndi kuyamba kugulitsa soya, nshawa ndi cimanga kwa ogula oyendayenda kapena ku madepoti a Food Reserve Agency, kanthemba kamadzaza ndipo amai amapita ku Chipata kawirikawiri. Koma m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zikapepuka, ogula amabwera manja ali kumbuyo kudzapempha mcere ndi sopo kuti adzalipira pokolola. Kukana n'kobvuta, pakuti wopemphayo ndi mlamu, ndi mnansi, ndi wa mpingo umodzi. Kubvomera onse ndi kutseka kanthemba. Caka ca cilala monga 2024, pamene Mtsogoleri wa dziko Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti dziko lili pa tsoka, kabuku kotere kamadzaza msanga, ndipo maina ambiri safufutidwa.

Wophunzira wa maso akuthwa adzafuna kujambula kabukuka, ndipo sanalakwe, koma apa pali msampha. Maina olembedwamo ndi a anthu amene sanapemphedwe cilolezo, ndipo nkhongole ya munthu si yopacika pa cipupa ca holo. Angajambule kabuku katatsekedwa, kali m'manja mwa amai, kapena cala cikutsata mzere maina osawerengeka. Cimodzimodzi madzulo, amai akamasula mfundo ya citenje ndi kuyamba kuwerenga za tsikulo, izi za kuoda, izi za cilimba, izi za ndiwo, cithunzi n'cokoma, koma malo amene ndalamazo zimagona sayenera kuoneka. Akuba nao ali ndi mafoni.

Pali zinanso zosayenera kamera. Mwana sajambulidwa popanda mau a kholo lake. Wodwala, woledzera ndi wolira maliro ali ndi ulemu wao. Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamlemekeza mu 2005 monga cuma ca anthu onse, amajambulidwa pa bwalo eni ake akalola, monga zimacitikira pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika m'mwezi wa Ogasiti. Za ku dambwe si za kamera, ndipo mwana wa m'Chadiza safunika kuuzidwa kawiri. Pa cipata ca malire ndi pa polisi munthu amayamba wafunsa. Kuyambira 2021 dziko lili ndi lamulo la Data Protection Act, loteteza zinthu zozindikiritsa munthu kuti zisagwiritsidwe nchito mwacisawawa. Koma lamulo lisanafike, ulemu wa pa mudzi unanena kale zomwezo. Cithunzi cikalowa pa WhatsApp kapena pa Facebook sicibwezeka, ndipo cilolezo cojambula si cilolezo cofalitsa.

Mkangano umene umabuka pafupifupi nthawi zonse ndi wa zobvala. Wophunzira wauzidwa kuti ajambule moyo monga uliri. Amai akufuna kupita ku nyumba kukabvala citenje ca ku chalichi ndi nsapato. Wophunzira wina amaumirira, poganiza kuti citenje cong'ambika ndico coona. Kumeneko ndi kulakwa kwa alendo aja, kungoti tsopano wakucita ndi mwana wa pa mudzi. Citenje ca nchito n'coona, ca ku chalichi n'coonanso, pakuti anacigula ndi thukuta lomwelo. Seydou Keïta, wojambula wochuka wa ku Bamako m'dziko la Mali, anachuka ndi zithunzi za anthu wamba atabvala zimene anasankha okha, ena atagwira wailesi, ena atatsamira pa njinga yamoto, ndipo lero zithunzizo zili m'nyumba zazikulu zoonetseramo luso. Wophunzira wanzeru amajambula zonse ziwiri: ca nchito, ndi cimene amai afuna kuti adzukulu ao adzaone. Akamaliza amawaonetsa zonse pa foni, ndipo cimene amai akana cimafufutidwa iwo akuona.

Kulakwa kwina ndi kosiyana ndi kumeneku, ndiko kukonza zinthu. Wophunzira amasesa pa khomo, amabwereka katundu wa kanthemba ka pafupi kuti mashelefu adzaze, amauza wogula kuti aperekenso ndalama kaciwiri akuseka. Cotuluka ndi cithunzi ca kalendala, cokongola koma copanda kanthu. Shelefu ya theka m'mwezi wa Febuluwale ikunena zoona zimene shelefu yodzaza ndi katundu wobwereka singanene.

Wojambula nayenso ndi wamalonda

Acinyamata ena amalowa maphunziro otere ndi ciyembekezo cakuti kamera idzawadyetsa, ndipo si maloto cabe. Zithunzi za pa ziphaso, za zikwati, za ana omaliza sukulu ndi za misonkhano ya mipingo zimafunika caka conse. Telala kapena kalipentala wokhala ndi zithunzi zabwino za nchito yake amatha kuonetsa ogula a kutali pa foni. Magulu a amai ndi a acinyamata ofunsira thandizo ku thumba la citukuko la CDF, limene linakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu mmodzi mu 2022, angapindule pokhala ndi zithunzi zoonetsa nchito imene akugwira kale. Motero wophunzira amene wakhala tsiku lathunthu pa kanthemba waphunzira zinthu ziwiri: kuwala, ndi mmene phindu laling'ono limasungidwira.

Mbiri ya a Alick Phiri a ku Lusaka ikuonetsa kumene njira imeneyi ingafike. Iwo anabadwa mu 1948, anaphunzira nchito pa Fine Art Studios mu Lusaka, ndipo mu 1983 anatsegula situdiyo yao, Kwacha Photo Studio, m'komboni ya Kanyama. Kwa zaka zambiri anajambula anthu wamba m'misewu ndi m'makomboni a mzindawo, monga nchito yopezera nsima. Mu 2024 zithunzi zao zinaonetsedwa ku Everyday Lusaka Gallery, mothandizidwa ndi Sana Ginwalla, amene amasonkhanitsa zithunzi zakale za anthu a m'Zambia. Zimene zinali malonda a tsiku ndi tsiku zinasanduka mboni ya mmene anthu a mu Lusaka ankabvalira ndi kukhalira. Zinatheka cifukwa ca cinthu cimodzi: zithunzizo zinasungidwa.

Apa ndi pamene foni imagonja kwa filimu yakale. Cithunzi ca pa pepala cimapirira m'sutukesi zaka makumi anai. Ca m'foni cimafa tsiku limene foniyo yagwera m'citsime, yabedwa pa msika, kapena yagulitsidwa kuti pagulidwe feteleza. Zithunzi zikwizikwi zojambulidwa m'boma lino m'zaka khumi zapitazi zinapita motero. Tsono maphunziro sanathe pamene wophunzira wajambula. Pa zithunzi zana kapena mazana awiri za tsikulo amasankha khumi kapena khumi ndi ziwiri, amaziyala motsatana kuyambira pa moto wa mbandakuca mpaka pa loko wa madzulo, ndipo anzake a m'kalasi amayesa kuwerenga nkhaniyo iye ali cete. Kusankha kumawawa koposa kujambula, cifukwa cithunzi cokongola cimene sicikuonjeza kanthu pa nkhani ciyenera kutsala. Zosankhidwazo zimasungidwa pa malo awiri, ndipo zingapo zimatsukidwa pa pepala, ngakhale zitafuna ulendo wa ku Chipata.

Cotsala ndi kubwerera ku kanthemba. Ojambula ambiri, akunja ndi a konkuno, amagwa pa sitepe imeneyi: amalonjeza, amapita, osaonekanso. Wophunzira amabwerera ndi envulopu, amaodiranso, amapereka ndi manja awiri. Asanapereke amalemba kumbuyo kwa cithunzi ciri conse dzina la amai monga iwo afuna kuti lilembedwe, mudzi, mfumu ya dera, tsiku, mwezi ndi caka, ndi dzina la wojambula. Ndi bwino kulembanso mitengo ya tsikulo, wa mulu wa tomato, wa kabotolo ka saladi, wa meda ya cimanga. Mu Januwale 2013 ndalama ya kwacha inacotsedwa maziro atatu, K1,000 n'kukhala K1. Mwana wobadwa pambuyo pake akaona cithunzi ca agogo ake ali pa mulu wa tomato wolembedwa K1,000 angaganize kuti anali mai wolemera kwambiri m'Chadiza, mpaka atatembenuza pepalalo n'kuwerenga caka.